Dzina la Mwana wa Tryness

"Dzina la mwana?" anafunsa wapaboda pa Lusuntha, bolopeni ili m'manja.

"Alibe, bwana," Tryness anayankha monyadira. "Akamutcha ndi agogo ake ku Malawi."

Mwamuna wake, Kenneth, anangoyang'ana kumbali. Kwa miyezi inayi anthu a kwawo ku Chama ankamuseka kuti mwana wake dzina lake ndi Bebi. Koma Tryness anakwatiwa bambo ake asakufuna, ndipo kuwasungira ulemu wotcha dzina ndiko kunali kupepesa kwake. Kalata sanalembe. Ankafuna akangowaikira mwanayo pamiyendo.

Ku Embangweni anapeza amayi ake atameta mpala, atavala zakuda.

"Bambo ako tawaika sabata yatha, mwanawe," anatero amayiwo akulandira khandalo. "Ankangofunsa ngati unabereka. Dzina anali nalo kale, koma ankati adzakuuza pamaso. Ngakhale ine sanandiuze."

Pobwerera, wapaboda uja anawazindikira, ndipo anamwetulira.

"Eya! Manje bwana wamng'onoyu ndilembe ndani?"

Tryness anangoyang'ana mwana wakeyo. Kenneth ndiye anayankha chapansipansi.

"Lembani Bebi, bwana."