Kagalasi ka Mkombero Wofiira

Dzuwa la tsiku limenelo linalibe manyazi. Dzulo lake mvula inagwetsa nyumba ku Mgona, lero ilo likuwala ngati palibe chachitika.

Olipa anaima m'mbali mwa mtsinje wa Nankhaka, mapazi ali m'matope. Mwana wake Tiwonge, wa Sitandade 1, sanafike pakhomo ataweruka kusukulu. Anzake anati anamuona komaliza pa kamlatho ka matabwa, atavala juzi yake yachikasu. Kamlathoko kanali katapita ndi madzi.

Owen, mlongo wake wa Olipa, anagwada pamwala ndi droni yake, kandege kamene amajambulira maukwati ku Nsungwi. Buluku lake linali lonyowa mpaka m'chiuno. Anali atalawirira m'mamawa, akuti kukatchaja mabatire kwa mnzake poti magetsi anathima. Tsopano anatsegula kabokosi ka timagalasi tovekera pa diso la kamera, n'kuyamba kutipukuta kamodzikamodzi.

Olipa mtima unamuwawa. Mwana wasowa, wina ali kalikiliki ndi tizidole. Nanga amuna a m'dera muno ali kuti? Pamowa amadzaza mabenchi, lero sakuoneka ndi mmodzi yemwe.

"Owen, kodi tabwera ku ukwati?"

"Pepani achemwali, ndikumaliza."

Timagalasito Olipa ankatidziwa. Tsiku lina Owen anaphunzitsa Tiwonge pakhonde, Olipayo akutsuka mbale. Kakuda bii kaja kamangochepetsa ukali wa dzuwa kuti chithunzi chisayere mbuu, koma madzi amanyezimirabe. Ka mkombero wofiira ndiye kamachotsa kunyezimirako. Owen anakaika pa diso la mwanayo, n'kukapotoza pang'ono, ndipo Tiwonge anaseka ataona masipuni pansi pa beseni.

"Uike kofiira kaja," anatero Olipa. "Koona pansi pa madzi."

"Chabwino, achemwali." Owen anamufulatira n'kuwerama pa droni.

Kandegeko kanalira ngati njuchi, n'kukwera. Olipa anakanirira paphewa la mlongo wake, maso ali pa foni yoonetsa zimene kamera ikuona. Madzi anali ataphwa ndithu, ndipo pafonipo ankang'anima ngati malata atsopano. Anaona bango logona, mapulasitiki, chitseko cha munthu wina, nkhuku yakufa. Chachikasu panalibe.

Anapita kumtunda, anabwerera. Owen anasintha batire mosafulumira, akucheukira kumsewu. Anaulutsanso. Panalibe.

Apa m'pamene mtima wa Olipa unayamba kutsika. Ngati galasi loona pansi pa madzi silikuona kanthu, ndiye kuti mwanayo m'madzimo mulibe. Mwina wina anamuvuula. Mwina wagona kwa anthu achifundo tsidya linalo, ndipo pano akumwa tiyi, akulephera kulongosola kwawo. Tiwonge ndi wamanyazi, dzina lake lomwe amachita kulinong'ona.

"Ndikampeza ameneyu ndimukwapula," anatero Olipa, akuseka misozi ili mbwembwembwe. "Wandizunza bwanji."

Owen sanaseke. Anacheukiranso kumsewu.

Posakhalitsa kabaza wa njinga yamoto anaima pamtunda. Anatsika mayi wa Olipa ndi Owen, amene ananyamuka ku Dowa atangolandira foni. Pambuyo pawo panali amayi awiri a kumpingo. Olipa anawathamangira.

"Amayi, m'madzi mulibe. Tayang'ana paliponse. Ali moyo mwana wanga."

Mayi akewo anavula chitenje chawo n'kumumanga nacho m'chiuno, zolimba. Amayi a kumpingo aja anaima wina kumanja, wina kumanzere, n'kumugwira mikono.

Owen anatsitsa droni. Inatera pafupi ndi mapazi a Olipa, ndipo iye anayang'ana diso lake. Panali kagalasi kakuda bii.

Mlongo wakeyo anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa ka mkombero wofiira.

"Aka ndinaulutsa nako m'mamawa, achemwali. Kanamuona. Ndimadikira amayi afike, kuti musagwe nokha."

Kumunsi, m'bango, amuna a m'dera aja anatulukira akuyenda pang'onopang'ono, atanyamula mphasa yokulunga. Kumapeto kwake kunkalendewera mkono wa juzi yachikasu.