Kompyuta Inapsa Pamodzi ndi Gule wa Amake Ghadir

Panali munthu wina mumzinda wa Aden, mayi wojambula makanema a maukwati, dzina lake Suhaila. Nkhaniyi ndi yoona. Amene anandiuza anali m'holo ya ukwati tsiku limene zinachitika, ndipo mpaka lero akamaifotokoza amagwira pakamwa.

Suhaila ankajambula kuholo ya azimayi, kumene mwamuna salowako ndipo mafoni onse amasiyidwa pakhomo. Azimayi akavula mipango n'kuyamba kuvina, kamera imakhala imodzi yokha. Mabanja ambiri safuna kuti zithunzizo zituluke panja, choncho Suhaila ankakonza kanemayo pomwepo, n'kumupereka kwa eni ukwati, n'kufufuta zonse iwo akuona.

Vuto linali kompyuta yake. Inali chimphona, ndipo kuikweza masitepe kunkamuthyola msana. Anagula purosesa yamphamvu kwambiri, ija imakhala ubongo wa kompyuta, kuti aiike m'kabokosi kokwana m'chikwama. Chinatsala chinali mathabodi yaing'ono, bolodi limene zida zonse zimalumikizidwapo.

Mlongo wake wamkulu, Waddah, amene amadziwa za makompyuta, anapukusa mutu.

"Purosesa yakoyi ndi yadyera, imadya magetsi ngati mbaula. Timathabodi tating'ono tambiri sitingaipirire, komanso ndi kutentha kwathu kuno. Yoyenera ilipo, koma njochita kuitanitsa. Tadikira."

"Ndidikire mpaka liti, achimwene? Ukwati wa Ghadir ndi Lachinayi likubwerali. Inu chilichonse n'kuopa basi!"

Ananyamuka wa kumsika. Kumeneko anapeza bambo wina amene anali asanamuonepo, wapakamwa potsekemera, atayala zida patebulo. Bamboyo anatenga purosesa ija, n'kuilowetsa pa kamathabodi kena, n'kuyatsa, kanyali kobiriwira n'kuwala.

"Mwaona, chemwali? Yalowa, yayaka. Ikanakhala yosagwirizana, ikanalowa? Achimwene anuwo akufuna muzinyamulabe chikatundu mpaka mudzakalambe."

Suhaila anaseka n'kugula, n'kukalumikiza zonse m'kabokosi kaja yekha. Sanafunse kalikonse, sanaiyese ndi ntchito yolemera, ndipo sanamuuze Waddah. Munthu wamkulu ndithu, kupusitsidwa ndi kanyali kobiriwira!

Lachinayi masana holo inadzaza. Amake Ghadir, amayi a mkwatibwi, anali atadwala nthawi yaitali, ndipo anabwera pampando wamatayala. Aliyense ankadziwa kuti madokotala anali atawabweza kunyumba poti panalibenso chochita. Koma ng'oma zitalira, mayiwo anagwira mpando, n'kuimirira okha. Anatenga manja a mwana wawo n'kuyamba kuvina. Nthungululu zinamveka holo yonse, azimayi akulira poyera.

Gule atatha, Ghadir anathamangira kwa Suhaila akupuma mwabefu.

"Mwajambula, eti? Chonde ndiuzeni kuti mwajambula."

"Zonse zalowa, mwana wanga. Mtima m'malo."

Posakhalitsa anafika amake Fuad, apongozi a Ghadir, mayi wosaseka ndi munthu pa nkhani za ulemu.

"Tasamutsira zithunzizo m'kabokosi kakoko, kenako ufufute za m'kameramo ine ndikuona. Ana anga avina tsitsi lili pamtunda. Sindikufuna zithunzi zokhala pawiri."

Umenewo ndiwo unali mgwirizano, ndipo Suhaila anachita momwemo. Gule yense anatsala malo amodzi okha, m'kabokosi kaja.

Atayamba kukonza kanemayo, fani yoziziritsa m'kabokosimo inalira ngati ikufuna kuuluka. Anakhudza kabokosiko n'kubweza dzanja msanga. Koma anangoti katsala pang'ono kumaliza.

"Lubani wanji wonunkha chonchi?" anafunsa mayi wina atagwira mphuno.

Nthawi yomweyo kunamveka kuti thu! Utsi unatuluka m'kabokosimo, sikirini n'kuda bii. Suhaila anadina batani, anadinanso, anazula waya n'kubwezeretsa. Zii.

Anathamangira pakhomo, kutenga foni yake, kuimbira Waddah. Iye anafika n'kuima panja pa geti, poti m'katimo sakanalowa. Suhaila atamutulutsira kabokosiko, anakatsegula pomwepo, amake Fuad ataima chilili pambali pake. Mbali yodyetsa magetsi inali itasungunuka. Kachipangizo kosungira zithunzi, kamene kanamatidwa kuseri kwa mathabodiyo, kanasanduka khala.

"Mathabodi iyi waitenga kuti?" anafunsa Waddah motsitsa mawu.

"Kumsika," anayankha Suhaila.

"Nanga za m'kamera?"

"Ndafufuta, achimwene."

Waddah anagwira m'mutu. Anayesa njira zonse kuti abweze za m'kamera, koma Suhaila anali atajambulamonso alendo akudya pamalo pa zofufutidwazo, ndipo zimene zinabwerera zinali mbale za mpunga ndi nsomba. M'holo yodzaza anthu chonchija munalibe ngakhale mmodzi amene anali ndi foni.

M'mawa mwake Suhaila anapita kumsika maso ali psuu. Wogulitsa uja sanachite n'komwe manyazi.

"Inu chemwali, ine ndinati ilowa. Sinalowe?"

Mwezi usanathe, amake Ghadir anamwalira. Suhaila anapita kukapepesa maliro akuyembekeza kutukwanidwa pagulu. Ghadir atamuona sanakalipe. Anamukokera pambali n'kumugwira dzanja.

"Inu munkaona pa kamera, munawaonetsetsa. Ine misozi inanditseka m'maso, sindinaone nkhope yawo. Tandiuzeni, amayi povina paja ankaseka?"

Suhaila anayesa kukumbukira nkhope ija. Nthawi yonse ya gule ija, iye ankayang'ana kuwala ndi batire ya kamera. Kuti mayiwo ankaseka kapena ayi, sankakumbuka.

Phunziro: Chinthu kulowa pamalo sizitanthauza kuti chipirira ntchito. Mbale wako akakuuza kuti dikira, usamusinthanitse ndi mlendo wapamsika amene mawa sadzakudziwa. Chida chatsopano chiyese usanachisenzetse zinthu za anthu, chifukwa zina zikapsa sizijambulidwanso. Tumizirani anzanu onse, makamaka aja othamangira kugula asanafunse.