Nyemba za Banja Losakangana

Chikhazikitsireni lamulo loti mikangano yonse ya m'banja izichitikira mu tenti ya pulasitiki yolimamo nyemba, Nangondo anali asanakololepo zodzaza ndi lichero lomwe. Alangizi ankati mpweya umene munthu amatulutsa akamalalata ndi chakudya cha mbewu, ndiye kukanganira m'nyumba n'kumwaza feteleza. Kwa aneba, kumene ankatukwanizana m'mawa ndi madzulo, nyemba zinali zitagunda denga. Koma Nangondo anakwatiwa ndi a Dzimbiri, munthu woti ukawaponda phazi amapepesa ndi iwowo.

"Bambo a Tiyanjane, tiyeni kutenti mukandikalipire," anatero Nangondo tsiku lina. "Ana atopa n'kudyera mchere."

Atalowa, a Dzimbiri anavula chipewa ngati afika m'tchalitchi.

"Ndiwo ndikumapsereza dala. Simukuona?"

"Zopserera zimakoma, mayi."

"Njinga yanu ndapatsa achimwene anga."

"Mwachita bwino, amayenda kutali."

Nangondo anakhala pansi misozi ikulengeza. Zaka khumi ndi zisanu, osamvako ngakhale "iwe" mmodzi!

Bambowo anakanda kumutu. "Kanthu kamodzi kokha kalipo. Nyimbo mumayimba potsuka mbale ija, mwakhala mukuilakwitsa chikwatiranireni."

"Ine? Wa kwaya ine?"

Awiriwo anatuluka dzuwa litapendeka, mawu atasasa, pulasitiki ili thukuta lokhalokha. Patapita milungu itatu nyemba zinachita maluwa, ndipo alangizi anabwera ndi kope kudzafunsa chinsinsi.

"Lembani kuti nyimboyo ndimayimba bwino," anatero Nangondo.

"Musalembe bodza," anatero a Dzimbiri, akutsegula kale tenti.