Chimene Denzil Adalanda

Mvula idathamangitsira mwambo m'holo ya kalabu, pamwamba pa gombe la Porthenna. Anthu adapanikizana mmenemo ndi majekete onyowa, aliyense kapu ya tiyi m'manja. Kutsogolo wapampando ankatamanda malemu Denzil Uren, amene dzina lake lidali litangozokotedwa pa benchi yatsopano yoyang'ana kunyanja. Padali patatha zaka makumi asanu chichitikireni mpikisano woyamba wokwera mafunde a nyanja munthu ataima pathabwa pagombepo, mu 1968.

"Zimene Denzil adachita tsiku limenelo tonse tikuzidziwa," adatero wapampando, ndipo holo yonse idaomba m'manja.

A Hedley Curnow sadaombe nawo. Adakhala pafupi ndi chitseko, chipewa chili kumutu, nkumapukuta magalasi awo.

Mayi Kerensa Bolitho adawaona. Iwo adali achilendo m'tauniyo, ndipo sabata yomweyo kalabu idali itawapempha kuti alembe kabuku ka mbiri yake. Buku lakale la zotsatira lidaonongeka kalekale, madzi atasefukira m'holomo. Za 1968 padatsala chithunzi chimodzi chokha chopanda mawu: Denzil atanyamulidwa m'mapewa, khamu likusekerera. Mayiwo adakoka mpando nkukhala pambali pa mkuluyo, nkumufunsa ngati ankamudziwa ngwaziyo.

"Ngwazi?" a Hedley adaseka chakumphuno. "Denzil ankaima pathabwa ngati munthu wonyamula ndowa ziwiri zodzadza. Lembani zimenezo."

Kenaka adamasuka. Adati masiku amenewo matabwa adali aatali, olemera ngati chitseko cha tchalitchi. Lawo adasema okha m'galaja ya bambo awo, nyengo yozizira yonse. Zovala zampira zidali zisadafike kwa anthu wamba, choncho ankalowa m'nyanja atavala majuzi, nkutuluka milomo itachita bii. Chaka chimenecho adaphunzira mafunde a Porthenna tsiku ndi tsiku, m'mawa asadapite kuntchito, Denzil ali mtulo kwa amayi ake.

M'ndime yomaliza ya mpikisano uja adatsala amuna anayi. Oweruza adakhala pamwamba pa galimoto, mapepala ali pamaondo. Nyanja idali yaukali, madzi akukokera kumiyala. Kutatsala mphindi ziwiri, kudabwera funde limene munthu amalidikira moyo wake wonse. A Hedley adalikwera kuchokera kutali mpaka pamchenga, osapepesuka ngakhale pang'ono. Atatsika adacheuka kuti aone anthu akuwathamangira. Gombe lonse lidali litawafulatira, likuthamangira kwa Denzil.

"Tsiku limenelo adandilanda changa, dzuwa likuswa mtengo," adatero mkuluyo. "Ndipo anthu awa adamuombera m'manja. Lero akumuomberanso."

Kuyambira pamenepo sadalowenso mpikisano wina uliwonse. Thabwa lija lidaolera kuseri kwa nyumba. Sadakwatire. Adakhala mumsewu umodzi ndi Denzil zaka zonsezo, koma akamuona akubwera ankawolokera tsidya lina. Kumaliro ake sadapite.

Mayi Bolitho adamva kuwawa m'malo mwawo. Nkhani zotere adali atazimvapo m'magombe ena: oweruza anzake a munthu, mnyamata wokondedwa ndi tauni, mphoto yoperekedwa mpikisano usadathe. Adayang'ana manja a mkuluyo, otupa m'mfundo chifukwa cha madzi ozizira, ndipo adatsimikiza mumtima kuti kabuku kawo kanena zoona, ngakhale anthu a kalabu akwiye. Adalonjeza a Hedley kuti dzina lawo lidzalembedwa pamalo pake. Mkuluyo adangogwedeza phewa nkuyang'ana mvula pazenera.

Komabe padafunika kumva mbali inayo. Mkazi wa malemu, a Tamsin, adali patebulo akupaka jamu pamasikono. Adali mayi wamng'ono thupi, wa imvi mutu wonse, ndipo chiyambireni mwambowo sadayang'ane chakuchitseko ngakhale kamodzi. Mayi Bolitho adayamba ndi kuwapepesa. Adazungulirazungulira, nkuyamikira benchi, nkuyamikira masikono, kenaka adafunsa motsitsa mawu ngati padalibe amene adadandaula ndi chigamulo cha oweruza tsiku lija. Adati pali ena amene mpaka lero amakhulupirira kuti a Denzil sankayenera kupambana.

A Tamsin adaika mpeni pambale. Adafunsa ngati enawo ndi Hedley, ndipo mayi Bolitho adavomera ndi mutu. Adafunsanso ngati wawauza za funde lake lalikulu lija, ndi kuti palibe adaliona. Mayi Bolitho adavomeranso.

"Oweruza adaliona, mayi. Adapambana ndi Hedley, ndipo chikho chili kunyumba kwake. Mwamuna wanga sadapambanepo kanthu moyo wake wonse."

Adatolanso mpeni uja, koma sadapake kanthu.

"Ine ndidali chibwenzi cha Hedley, ukwati utatsala milungu itatu. Tsiku lija ndidali m'nyanjamo, madzi ankandikokera kumiyala, ndikukuwa dzina lake. Adandiyang'ana, adayang'ana funde, nkutembenuza thabwa. Amene adabwera kudzandipulumutsa adali Denzil."