Katundu wa Apongozi

Muvi wa sikelo unagwedezeka, n'kukaima pamene Gresham sankafuna. Mkulu woyeza katundu pasiteshoni ya sitima ku Nairobi anapukusa mutu.

"Mzigo umezidi," anatero, kenaka anabwereza m'Chingerezi kuti katunduyo wapyola mlingo wa tikiti imodzi. Woonjezerayo alipiridwe, apo ayi atsale.

Gresham anapukuta thukuta ndi nsonga ya tayi. Apongozi ake, mayi Eneles, anafika ku Kenya ndi kachikwama kamodzi ka m'manja, nthawi imene mkazi wake Lenah anapita padera. Ankati akhala masabata ochepa. Chaka cha 1998 chinatha ali pompo m'nyumba ya ku Kitengela. Tsono lero pasikelo panali masutikesi atatu, chikwama cha mizeremizere chodzaza mpaka zipi kukana, ndi makina osokera m'katoni.

"Kubwera chimanjamanja, kubwerera ngati asamutsa sitolo," anang'ung'udza chamumtima. Pakamwa anatseka. Mkamwini sawerenga katundu wa apongozi mokweza.

Ndiponso sankafuna chilichonse chosokoneza ulendowu. M'nyumba mwake momwe anali atasanduka mlendo. Akafika mochedwa, ankapeza mayiwo ali pabalaza, akungoyang'ana wotchi ya pakhoma. Akafika kutacha, moni wake unali umodzimodzi: "Mwadzuka bwanji, bambo a Tina, kumene mwagonako?" Anzake a kuofesi ya bungwe lothandiza anthu kumene ankagwira ntchito ankamuseka kuti ali ndi mlonda wosalandira malipiro.

Amene anakonza ulendo wonse anali Lenah: sitima ya madzulo mpaka ku Mombasa, kumene msuweni wake wogwira ntchito kudoko adzathandize kupeza basi ya ku Dar es Salaam, kenaka Mbeya, mpaka kumudzi ku Ntcheu. Tikiti anagula yekha. Kwa Gresham anangopempha galimoto ndi mapewa.

"Lenah, makinawa atsale. Tidzawatumizira."

"Makinawo sakutsala," anayankha Lenah osamuyang'ana.

Mkulu woyeza katundu uja anamulozera Gresham pawindo lolipirira katundu woonjezera. Pamzere patsogolo pake panali bambo wina wa ku Kahawa amene tikiti yake ya mwezi wonse inachapidwira m'thumba la malaya. Anaigwira ngati nsanza, akulumbira kuti mwezi sunathe, kalaliki akuti tsiku silikuoneka. Anakangana m'Chiswahili, anakangana m'Chingerezi, anabwereranso ku Chiswahili. Gresham ankaponda mwendo uwu, kuponda uwo. Ku Ruaka kunali mkazi wina amene Gresham anamulonjeza kuti lero afika kusanade.

Atalipira, anabwerera kusikelo ali ndi kapepala m'manja, akuganiza kuti zatha. Mkulu uja analoza katoni ija. Makina salowa m'chipinda chogona anthu; malo ake ndi bogi ya katundu, kumapeto kwenikweni kwa sitima. Onyamula katundu onse anali atathamangira gulu la azungu odzaona nyama. Gresham anavula jekete, n'kusenza makinawo paphewa. Bogiyo inali kutali ngati kumudzi kwa eni. Pobwerera, malaya anali atamatirira kumsana ndipo tayi inali m'thumba.

Sutikesi yachiwiri inaduka chogwirira ali pakati pa anthu, n'kumugwera pachala. Anatukwana m'Chichewa, podziwa kuti palibe akumva. Atatembenuka anaona apongozi ali phee pabenchi, atavala patapata, akukukuta chimanga chootcha ngati munthu wodzaonerera mpira.

"Mayi, sitima sidikira munthu."

"Ndamva, bambo."

Sanasunthe. Gresham anatola sutikesi ija. Miyezi yonseyi anapirira; sakanalephera kupirira chimanga chimodzi.

Lenah anakwera m'bogi kuti azilandira katundu. Gresham ankapatsira pawindo, chimodzichimodzi, mkazi wake akulonga pansi pa bedi ndi pamwamba. Chikwama cha mizeremizere chinakana kulowa mpaka anachikankha ndi mutu. Chitalowa, anaongola msana, n'kupuma mpweya wautali. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamwetulira. Mawa adzalowa m'nyumba mwake nthawi imene akufuna, wotchi ya pakhoma izidziyang'ana yokha.

"Zonse zakwana?" anafunsa.

Lenah anamuyang'ana kwa kanthawi, kuyambira kumutu mpaka kunsapato yofumbira ija.

"Zakwana. Zikomo, mwavutika."

Anakweza galasi la windo.

Wenzulo inalira. Zitseko zinayamba kumenyetsedwa, operekeza akutsika mothamanga. Gresham anacheukira kubenchi: apongozi anali akadali pompo, akukutumula nyenyeswa pachitenje.

"Mayi! Sitima ikunyamuka!"

Anawathamangira, anafuna kuwagwira dzanja, n'kukumbukira kuti apongozi sagwidwa. Anabwerera kusitima imene inali itayamba kukwawa, akumenya galasi ndi chikhatho.

"Lenah, tsika! Mayi atsala! Auze aimitse!"

Bogi inamupitirira. Inapita yachiwiri, yachitatu, mpaka ya katundu ija. Anaima pakamwa pali yasa, akuganiza za thukuta lake lonse, ndi za mwezi wina wathunthu wa moni wa m'mawa uja.

Mayi Eneles anafika pambali pake mosafulumira, akumanga bwino chitenje.

"Tiyeni kunyumba, bambo a Tina, ana atidikira. Ine ndikhala nawo mpaka atsekere sukulu, kenaka ndidzapita nawo kwa mayi awo. Katundu mwakweza ndi manja anu uja ndi wa Lenah."