Guluu wa Nalimata

Padangotero, Kangaude ndi Nalimata ankaphika guluu n'kumagulitsa pamsika umodzi. Wa Kangaude ukamata mphika, wamata basi, mwini mphikayo sankabweranso. Nalimata wake ankathirako madzi.

"Achimwene, mukuwabera anzathu," anatero Kangaude.

Nalimata anaseka. "Ndinu ogona inu. Mukamata chinthu mpaka kalekale, mawa mugulitsa kwa ndani? Wanga umamatuka pakatha sabata, makasitomala n'kubweranso okha."

Zinaterodi. Pa benchi ya Nalimata pankakhala mzere tsiku ndi tsiku, pa ya Kangaude pankangotera ntchentche. Mapeto ake Kangaude anatseka bizinesi n'kuyamba kutchera ntchentche zomwezo.

Tsiku lina Tambala anajompha Nalimata, mchira n'kuduka. Nalimata anaumata ndi guluu wake, koma sabata itatha unathothoka pakati pa msika. Anautola n'kuthamangira kwa Kangaude.

"Achimwene, ndigawireniko wanu uja, weniweni!"

"Ndinasiya kalekale kuphika," anayankha Kangaude. "Matani ndi wanu womwewo, sabata yamawa mudzamatenso. Si ndiyo bizinesi?"

Mpaka lero mchira wa Nalimata sukhalitsa. Kaphuleni mbatata, ingapserere.