Makina Analira Pampope

Panali munthu wina, dalaivala wa basi wopuma pantchito, ndipo amene ananditumizira nkhaniyi akuti ndi yoona. Bambowa atatopa ndi kukhala pakhonde, anagula makina ofufuzira zitsulo pansi, aja amalira kuti tii tii akadutsa pamene pali chitsulo. Sabata isanathe, mumsewu monse anthu anali kuwatchula kuti a Tiitii.

Chifukwa chogulira chinalipo. Mkazi wawo anataya mphete yaukwati zaka zitatu zapitazo, ndipo onse ankati inagwera kuseri kwa nyumba akuchapa. Mayiwo sankadandaula, koma nthawi zambiri ankasisita chala chopanda kanthucho. A Tiitii analonjeza pamaso pa ana onse kuti tsiku lokwanitsa zaka makumi atatu ali m'banja, mpheteyo idzakhala pachala.

Mlamu wawo, mchimwene wa mayiwo, anali katswiri wa masewerawa. Anabwera kudzawaphunzitsa.

"Alamu, muziyenda pang'onopang'ono, si basi iyi," anatero mlamuyo. "Mbale ya makina izikhala pafupi ndi dothi. Ndipo akalira, kumbani. Kwa munthu woyamba kumene, mphete ndi chitsekerero cha botolo zimalira mofanana."

"Ndamva, alamu," anatero a Tiitii, koma anamva ndi khutu limodzi.

Kwa milungu isanu anakumba. Anapeza misomali, zitsekerero zodzaza ndowa, supuni yopindika ndi kiyi wa chitseko chimene anachiphwanya kalekale chifukwa chosowa kiyi yemweyo. Kuseri kwa nyumba kunadzaza maenje. Anansi ankafunsa pampanda kuti, "Golide wafika matani angati lero?" Iwo ankaseka nawo, koma mumtima zinkawapweteka zedi.

Tsiku litayandikira, nzeru zoipa zinabwera. Lachisanu anapita kusitolo ya mphete ndi chithunzi chaukwati, nagula yofanana ndendende. Anaikwirira pansi pa mtengo wa mandimu mkazi wawo ali kumsika, n'kuikapo kamwala.

Lamlungu ana, apongozi ndi mlamu uja anasonkhana. Atatha kudya, a Tiitii anaimirira.

"Mtima wanga ukundiuza kuti ndi lero. Tiyeni nonse kuseri."

Atangoyatsa makina pafupi ndi mpope, analira mokweza kuti tiii!

"Alamu, alira," anatero mlamuyo.

"Ndi paipi imeneyo."

"Bambo, tangokumbani pang'ono," anatero mkazi wawo.

"Mayi, makinawa ndimawadziwa ine. Ndi paipi."

Anadutsa, nalunjika kumtengo wa mandimu ngati basi yochedwa. Changu chinawapweteketsa, poti anayamba kukumba makina asanalire n'komwe. Mlamu anangokanda m'mutu. Posakhalitsa a Tiitii anatukula mphete m'mwamba, ana n'kuwomba m'manja. Anagwada, mawondo akulira kuposa makina, n'kuwaveka mkazi wawo.

Mayiwo anaivula, naiyang'ana mkati.

"Yakongola. Nanga zilembo za maina athu zapita kuti?"

"Zafufutika ndi mvula," anatero a Tiitii, thukuta lili kamukamu.

"Ooh, mvula. Chabwino. Tsopano bwererani pampope mukakumbe paipi yanu ija."

A Tiitii anabwerera pampope. Kafosholo sikanalowe n'komwe kawiri. Munatuluka mphete ina, yokalamba, yokandikakandika, zilembo ziwiri zili mkati mwake bwinobwino. Mlamu anaphulika ndi kuseka mpaka anakhala pa ndowa ya zitsekerero.

"Alamu, munda wanu ndi wachonde! Mwabzala imodzi, mwakolola ziwiri!"

Mayi aja sanaseke msanga.

"Ndinaipeza Lachinayi m'chitini cha mabatani," anatero. "Sinagwere kunja kuno ayi. Ndikanangovala, koma ndinakumverani chisoni mmene mumabwerera m'nyumba ndi misomali, msana utawerama. Ndinati ndiikwirire poyambira penipeni, mwamuna wanga apeze yekha chinthu chenicheni, asangalale. Inu mwaidumpha pothamangira bodza lanu."

Apa a Tiitii manyazi anawagwira kwenikweni. Anavula chipewa.

"Mayi, ndalakwa. Ndinkaopa kukukhumudwitsani."

"Mukanabwera chimanjamanja sindikanakhumudwa. Zaka makumi atatu ndakhala nanu ndi mphete, ndakhalanso nanu popanda mphete. Chandiwawa n'chakuti munagwada pamaso pa ana n'kundinamiza."

Mwana wawo wamkazi anafunsa ngati yatsopanoyo ibwezedwe kusitolo.

"Ayi, ndi yanga," anatero mayiwo, tsopano akumwetulira. "Ili ndi ntchito yake."

Ntchitoyo a Tiitii anaidziwa Lachiwiri lotsatira. Anachedwa kubwera kunyumba, nayamba kufotokoza kuti pamsewu panali mzere wautali wa magalimoto. Mkazi wawo anangotsegula chitini cha mabatani, natulutsa mphete ya pamandimu ija, n'kuivala pang'onopang'ono akuwayang'ana m'maso.

"Chabwino, chabwino," anatero a Tiitii. "Ndinali kocheza ndi alamu."

Akuti mpaka lero makina aja amawagwiritsabe ntchito, ndipo akalira amakumba ngakhale pakhale paipi. Koma makina amene amagwira bwino ntchito panyumbapo ndi a m'chitini cha mabatani, ndipo safuna mabatire.

Phunziro: Mukayamba chinthu chatsopano, mverani amene anayamba kale, ndipo musachite manyazi kubwerako ndi misomali yokhayokha. Bodza limakuthamangitsani mpaka kudumpha chinthu chenicheni chimene wokukondani wakuikirani pamapazi. Tumizirani anzanu nkhaniyi, makamaka aja ali ndi kena kake kamene anakwirira pansi pa mtengo wa mandimu.